Kodi mawu oti "boma" anachokera kuti?

Wophunzira wa ku Makanjira:
Akuluakulu, ndithandizeni. Timati boma la Malawi, timatinso boma la Mangochi, ndipo amayi anga akamakwera galimoto kuno ku Makanjira amati akupita ku boma, chonsecho kwathu kunonso ndi m'boma lomwelo. Mnzanga wina akuti mawuwa ndi chidule cha British Overseas Military Administration. Kodi ndi zoona?

Mphunzitsi wopuma wa ku Mpondasi:
Mwanawe, nkhani ya chidule imakoma m'makutu, ndipo inenso ndinaiphunzitsapo ndili wachinyamata, koma si yoona. Mawuwa ndi a Chiswahili, monganso "bwana", ndipo amatanthauza mpanda wolimba wa mitengo kapena minga wotetezera anthu ndi ziweto, womwe ife timautcha linga. Amalonda a ku gombe la nyanja ya mchere, omwe ankafika mpaka kwa Mponda ndi kwa Makanjira, ankamanga mipanda yotereyi paulendo Angerezi asanayambe kulamulira kuno. Ku Bagamoyo, m'dziko la Tanzania, nyumba yomwe Ajeremani ankalamuliramo imatchedwa boma mpaka lero, ndipo Mjeremani sakanapatsa likulu lake dzina lotamanda Mngerezi.

Mayi wa pa tauni ya Mangochi:
Bambo aphunzitsi alondola, koma ndionjezere za matanthauzo atatu aja. Harry Johnston, mkulu wa atsamunda a Chingerezi, atamanga linga m'mbali mwa Shire mu 1891, lomwe linatchedwa Fort Johnston, mtsamunda wolamulira dera ankakhala m'malo otere, ndipo anthu ankapitako kukapereka msonkho ndi kukaweruzidwa milandu. Motero dzina la mpanda linagwira malowo, kenako linagwira eni mpandawo, pomalizira linafalikira ku dera lonse lomwe iwo ankatolerako msonkho, n'chifukwa chake lero timawerenga maboma 28. Amayi anu akamatsika pafupi ndi nsanja ya wotchi ija ya Mfumukazi Victoria, kumutu kwa mlatho, n'kunena kuti afika pa boma, ndiwo ali pafupi kwambiri ndi tanthauzo loyambirira.

Bambo wa ku Namwera:
Kwathu kuno, pa phiri la Mangochi, pali mabwinja a linga lina lomwe Angerezi anamanga atagonjetsa Mfumu Jalasi. Makoma ake a miyala alipobe, koma sindinamvepo munthu akuti akupita ku boma pokwera phirilo, chifukwa mawuwa anatsata komwe kunakhala bwanamkubwa ndi kaundula wa msonkho. Phiri lathu linangopereka dzina loti Mangochi pomwe dzina lakale la tauniyi, la Fort Johnston, linkachotsedwa.