Nyumba ya agogo pa munda wa fodya ku Namwera: tiikonze bwanji osaiwononga?

Nachisale wa ku Namwera:
Akuluakulu, ndikupempha nzeru pa nyumba imene agogo athu aamuna anatisiyira pa munda wawo wa fodya. Makoma ake ndi a njerwa zootcha zomangidwa ndi dothi, khonde linazungulira mbali zonse zinayi, ndipo kuseri kukadali bani yootcheramo fodya imene inagwa denga. Akuti anaigula kwa mzungu dziko litalandira ufulu mu 1964, koma pepala lotchula chaka chimene inamangidwa kulibe. Abale ena akufuna kuipaka simenti ponseponse, koma ine mtima ukukana. Kodi zaka zake tingazidziwe bwanji, nanga simentiyo ingaithandizedi?

Mmisiri wa ku Malindi:
Mayi, simenti musaiike pa khoma lomangidwa ndi dothi. Khoma lotere limatulutsa chinyontho pang'onopang'ono, ndipo mukalitseka ndi simenti madzi amatsalira mkati mpaka njerwa zimayamba kunyenyeka kuchokera pansi, pulasitala n'kumasomphoka. Gwiritsani ntchito laimu wosakaniza ndi mchenga. Koma musanakhudze makoma, kwerani kaye kudenga muone mitengo, chifukwa ngakhale mlombwa umapirira chiswe, nsonga zake zolowa m'khoma zimaola malata akamadontha. Khondelo musaligawe kukhala zipinda, pakuti ndilo limatchinga dzuwa ndi mvula kuti zisamenye makoma.

Mphunzitsi wopuma, Mangochi Boma:
Mayi Nachisale, pa za zaka yambani ndi ku National Archives ku Zomba, kumene kumasungidwa makalata a boma la atsamunda, ndipo mukafufuze pansi pa dzina la Fort Johnston, limene boma lino la Mangochi linkadziwika nalo kuyambira 1891. Khonde lalikulu lokha silikuuzani chaka, chifukwa mamangidwe amenewa alipo kale pa Mandala House ya ku Blantyre ya mu 1882 ndipo anapitirira kwa nthawi yaitali. Ndikukupemphaninso kuti musaiwale amene anaumba njerwazo. Ambiri mwa ogwira ntchito m'minda ya ku Namwera anali Ayao a m'midzi yozungulira, choncho funsani nkhalamba za m'dera la Mfumu Jalasi zikadalipo. Zina zingakumbukire dzina limene anthu ankamutchula mzunguyo, ndipo dzinalo lingakutsogolereni pofufuza.

Che Mwenye wa ku Mpondasi:
Ndikugwirizana ndi amisiri, koma simenti ili ndi malo ake: ngalande yozungulira khonde imangidwe nayo, kuti madzi a padenga asamakumbe maziko. Baniyo musaigwetse pofuna njerwa zake, chifukwa ndiyo umboni wa mtundu wa fodya amene ankalimidwa pamenepo.