Za masipika aja ndinafunsa, nazi zomwe zachitika

Zikomo nonse amene munayankha funso langa lija, loti kodi masipika akuluakulu oima pansi, a madola 1,500 aja, ndi oyeneradi mtengo wake. Achimwene a ku Highfield, muno mu Harare, munati ndisagule ndi maso, ndiyambe ndawamvera m'nyumba mwanga ndi nyimbo zomwe ndimazidziwa bwino. Ndinatsatira zimenezo. Wogulitsa anavomera kuti ndisiye chikole n'kuwatenga Loweruka ndi Lamlungu.

Kushopu ankamveka bwino zedi, osanama. Koma pabalaza langa kuno ku Mufakose, la mamita 4 kwa 3, besi inangoti ndiii, magalasi a mawindo kumanjenjemera, mawu a woimba osamveka bwino. Chibowo chotulutsira besi chili kumbuyo, ndiye amafunika kutalikirana ndi khoma pafupifupi theka la mita. Malowo ndiwapeza kuti? Mayi a kunyumba anangondiyang'ana nditayamba kukoka sofa.

China chomwe sindinaganizire: kumbuyo kwa masipikawo analemba 4 ohms, pomwe amplifaya yanga ndi ya masipika a 8 ohms, kutanthauza kuti ankakoka magetsi ambiri kuposa omwe amplifayayo inapangidwira. Patangotha ola limodzi inali itatentha moti dzanja silinkakhalapo.

Lolemba ndinawabweza. Ndagula ang'onoang'ono ogwiritsidwapo kale ntchito, ndawakweza kuti alingane ndi makutu ndikakhala pansi, ndipo ndalama yotsala ndagulira kapeti ndi chotetezera zipangizo magetsi akabwera mwamphamvu.

Amene mukufuna kugula, poyerekeza masipika awiri onetsetsani kuti akulira mofanana. Olira mokweza pang'ono amangomveka ngati abwinopo, ndipo ine ndinatsala pang'ono kukodwa pomwepo.