Ndisunge mwana wa ng'ombe iti, yolimba kapena ya mkaka wambiri?

Moni nonse pa gulu pano. Ndine mlimi wa ng'ombe za mkaka kuno ku Mchinji cha kwa Kamwendo, ndili ndi nkhani yomwe yandizunguza mutu nde amene mumazidziwa bwino ng'ombezi ndithandizeni maganizo chonde.

Mkhola mwanga muli ng'ombe ziwiri zokama. Yoyamba ndi Friesian, ya mawanga akuda ndi oyera ija, magazi a lokolo ngati alimo ndi ochepa zedi. Ikadya bwino nsenjere ndi madeya imandipatsa malita 18 olo 20 patsiku, koma kudwala kwake eee. Mvula ikangoyamba bere limodzi lakumbuyo limatupa, kutentha, ukaligwira imamenya, ukakama pamatuluka timibulu ngati chambiko, nde apo mkaka wa masiku amenewo ndi wotaya chifukwa kogulitsira akauyeza amaubweza, komanso ukaibaya mankhwala umayenera kudikira kaye. Yachiwiri mayi wake anali wa lokolo wa linunda, bambo wake Friesian ya umuna woika uja. Iyi mkaka ndi malita 8 kapena 9 basi, olo uidyetse bwanji. Koma mawere ake sanavutepo, ndipo chigodola, matenda obwera ndi nkhupakupa aja, chitalowa kuno nthawi ya dzinja lapitali anzanga angapo ng'ombe zawo zinapita, Friesian yanga inapulumukira mankhwala odula aja a Butalex, pamene iyi inangotupa mwanabere pansi pa khutu, kufooka pang'ono, kenako nkuyambiranso kudya yokha.

Zonse ziwiri zinaswa ana aakazi. Msipu wanga sungakwane ng'ombe zinayi komanso kukufunika fizi, nde mmodzi ayenera kugulitsidwa. Funso langa ndi ili, kodi kulimba kumeneku kumayenda m'magazi moti mwana wa yolimbayo adzakhalanso chomwecho, kapena unali mwayi chabe? Chachiwiri, yolimbayo yatsala pang'ono kufunanso nkhunzi ndipo woika umuna akuti ali ndi wa Friesian ndi wa Jersey, ndiike uti?

Make Tadala: Sungani mwana wa yolimbayo bambo. Ng'ombe yakufa sikamidwa.

Mnyamata wa pa Waliranji: Ine ndikutsutsa pamenepo mayi. Malita 9 ndi 20 kusiyana kwake ndi kwakukulu, muwerengetse pa mwezi muone. Tonse tikathawira ku za lokolo ndiye bizinesi ya mkaka yatha, tingoweta za ngolo basi. Friesian imafuna munthu wosagona, kupopera mankhwala a nkhupakupa sabata ndi sabata nthawi ya mvula, khola la simenti louma, basi vuto latha. Ambiri amati ng'ombe ndi yofooka chonsecho ikugona m'matope ofika m'mawondo.

Mlangizi wopuma: Bambo a kwa Kamwendo, funso lanu ndi labwino ndipo ndiyankha motalika pang'ono, mundipirire. Ndinagwira ntchito ya ziweto zaka zambiri chigawo chapakati chino.

Inde kulimba kumayenda m'magazi, koma osati konse. Ng'ombe zathu za linunda zakhala ndi nkhupakupa kuyambira makolo akalekale, zofooka zinkafa, zolimba nkumaswana, nchifukwa chake lero ukaziika dambo limodzi ndi Friesian, nkhupakupa zochuluka uzipeza pa Friesian. Friesian kwawo ndi ku Netherlands ndi kumpoto kwa Germany, kozizira, kopanda chigodola, anthu kumeneko ankasankha ya mkaka wambiri basi. Chigodola chimabwera ndi kachirombo kotchedwa Theileria parva, kamene kamafalitsidwa ndi nkhupakupa yofiirira yokonda kukhala m'makutu ija. Ng'ombe yachizungu yosalandira katemera ikagwidwa osathandizidwa msanga nthawi zambiri imafa pasanathe milungu itatu kapena inayi, mumaona kupuma mobanika kenako thovu m'mphuno.

Ndipo olo pakati pa ng'ombe za mtundu umodzi pamakhala kusiyana. Ku Kenya akatswiri a bungwe lofufuza za ziweto la ILRI pamodzi ndi anzawo a ku Roslin ku Scotland anapeza kuti ana a nkhunzi imodzi ya mtundu wa Boran ankapulumuka chigodola kuposa anzawo a khola lomwelo, anafufuza mpaka kupeza malo ake enieni m'chibadwa cha ng'ombezo, zotsatira zinatuluka mu 2022. Nde simukulota ayi, zimene mwaona mkhola mwanuzo zilipodi.

Koma apa mpamene alimi ambiri amapusitsika. Ng'ombe yanu yolimbayo mwina inakumanapo ndi chigodola ili kamwana, ikuyamwa kwa mayi wake wa lokolo kudambo, nkudwala pang'ono nkuchira. Yochira chigodola thupi lake limakumbukira kwa zaka, ndipo chitetezo chimenecho ndi chake yokha, mwana sabadwa nacho mpaka kalekale ayi. Komanso muwerenge magazi. Iyoyo ndi theka lokolo theka Friesian. Ngati mwana wakeyo bambo wake ndi Friesian, ndiye kuti iye ali 75 peresenti chizungu, lokolo yatsala 25 yokha. Mukadzamuikanso Friesian mdzukulu afika 87.5, apo ndiye mwabwerera ku ng'ombe yoyamba ija. Mphamvu ya mwana woyamba wa mitundu iwiri yosiyana imakhala yapadera, mibadwo yotsatira imanka icheperachepera.

Ine ndikanakhala inu ndikanasunga mwana wa yolimbayo, chifukwa mkaka akhoza kudzaposa mayi wake, koma ndikanamubayitsa katemera wa chigodola osadalira magazi okha. Katemerayu amapangidwa konkuno, ku Centre for Ticks and Tick-Borne Diseases ku Lilongwe. Amabaya kachirombo kamoyo limodzi ndi mankhwala a oxytetracycline nthawi yomweyo, mwanayo amadwala mosaonekera kwenikweni nkukhala wotetezeka moyo wake wonse. Amasungidwa mozizira kwambiri mu nayitrojeni ndipo akasungunula amafuna abaye ana angapo tsiku lomwelo, nde kambiranani pa gulu lanu la mkaka musonkhanitse ana ang'ombe nkuitana a vetenale kamodzi.

Mwini funso: Zikomo kwambiri akuluakulu, apa mwanditsegula maso pa za 75 zija. Anawo onse bambo wawo ndi Friesian ya umuna. Koma chondidabwitsa, ng'ombe zanga sizituluka mkhola, ndimachita kuzimwetera, nanga nkhupakupazo zimadzera kuti?

Nabanda wa ku Mkanda: Kkkk achimwene mumazinyamula nokha pa njinga. Udzu mukumweta kudambo komwe ng'ombe za m'mudzi zimadya, nkhupakupa zimakwera kunsonga kwa udzu kudikira chodutsa, inu nkumanga mtolo mpaka m'chodyera. Ine ndinadzala nsenjere yanga kuseri kwa nyumba nkutchinga, wakudambo ndikamweta ndimayamba ndauyanika. Muziyang'ana mkati mwa makutu ndi pansi pa mchira, osangoona pamsana nkuti ilibe.

Bambo a Yamikani ku Kasungu: Za kulimbazi muzisiyanitsa matenda ake abale. Ife kuno kufupi ndi paki vuto lina ndi kashembe, ndipo pa ameneyo olo ya linunda imaonda mpaka kugwa. Imene imapirira kashembe ndi N'Dama ya kumadzulo kwa Africa, yopanda linunda, ife tilibe. Nde mawu oti ng'ombe yolimba asakunamizeni kuti yalimba pa chilichonse, chigodola payokha, mawere payokha, matenda a zilonda m'kamwa ndi m'mapazi aja sasankha kuti uyu ndi lokolo.

Mnyamata wa pa Waliranji: Mwamva nokha a mlangizi akuti katemera alipo. Nde ngati katemera alipo bwanji osangobaya mwana wa Friesian nkumakama 20 yo?

Mlangizi wopuma: Achimwene a pa Waliranji, katemera ameneyo ndi wa chigodola chokha. Nkhupakupa zimabweretsanso matenda ena, okodza magazi aja, ndi ena oumitsa ndowe ng'ombe nkuchita chikasu m'maso, nde kupopera sikusiyidwa. Ndipo vuto lalikulu la Friesian ya bambowa si chigodola, ndi mawere. Pa mawere gawo la magazi ndi lochepa, lalikulu ndi ukhondo, monga pogona pouma, kusamba m'manja, kansalu kakekake pa ng'ombe iliyonse, kukama mpaka mkaka uthe, kuviika nsonga m'mankhwala mukamaliza, komanso yodwalayo izikamidwa pomaliza. Koma kuchepako sikuti kulibe. Ku Norway anayamba kulemba matenda a ng'ombe iliyonse m'zaka za m'ma 1970, nkumasankha nkhunzi zimene ana ake aakazi sadwaladwala mawere, ndipo patapita mibadwo vutolo linatsika. Chinanso chodziwika nchakuti ng'ombe zikamasankhidwa pa mkaka wokha, vuto la mawere limakwera nawo. Kapangidwe ka bere nakonso mwana amatengera. Bambo, kayang'aneni Friesian yanuyo, ngati bere lake ndi lolendewera kupitirira mfundo za miyendo yakumbuyo, nsonga pafupi ndi pansi, kapena mkaka umadontha wokha isanakamidwe, mwana wake ali ndi mpata waukulu wodzakhala chimodzimodzi.

Mwini funso: Ndi momwemo ndithu, bere lake ndi lolendewera ndipo m'mawa ndimapeza mkaka wadontha pomwe inagona.

Mlangizi wopuma: Basi yankho mwalipeza nokha. Khomo limene mkaka ukutulukira lokha ndi lomwenso tizirombo timalowera. Pa za umuna, kwa yolimbayo uliwonse mwa iwiriyo mwana adzakhala 75 chizungu, koma ine ndingasankhe Jersey. Ndi yaing'ono thupi, imadya zochepa, kutentha kwa Okutobala imapirirako kuposa Friesian, siivutika pobereka, mkaka wake ndi wamafuta. Kuipa kwake malita ndi ocheperapo ndipo kogulitsira amalipira pa lita osati pa mafuta, komanso akabadwa wamphongo ogula amanyoza kuti ndi wochepa. Musaiyese ngati ya lokolo, chigodola imafa nacho bwinobwino. Ubwino wina ndi woti mukulowetsa magazi achilendo mkhola.

Gogo wa pa Kapiri: Pa magazi achilendopo ndithirire ndemanga. Kwathu kuno woika umuna akasowa, mwina nayitrojeni yatha mwina njinga yamoto yafa, anthu amathamangira nkhunzi imodzi yomweyo ya m'mudzi. Chaka chino yakwera mayi, pakapita zaka ziwiri yakweranso mwana wake yemwe. Ana obadwawo amakhala onyentchera, kutsegula m'mimba kosatha, ena kufa asanasiye kuyamwa, anthu nkumati kuli mfiti. Ana inu muzilemba m'kope, ng'ombe iyi bambo wake ndi uyu, inadwala chakuti mwezi wakuti. Woika umuna akabwera mufunseni dzina kapena nambala ya nkhunzi yalembedwa pa kachubu kaja, mulembe, kuti asadzaikenso yomweyo pa mwana wake.

Make Tadala: Agogo anena zoona. Komanso ogula akabwera musawauze kuti mukugulitsa chifukwa mayi wake ndi wodwaladwala kkkk

Nabanda wa ku Mkanda: Ayi mayi, amuuze wogulayo chilungamo, mwina ndi munthu wa khola labwino ngati achimwene a pa Waliranji, adziwe pomwe aziyang'anira. Mawa adzakumana pa mzere wa mkaka anthu omwewa.

Mnyamata wa pa Waliranji: Ine ndiye ndikumufunadi mwana wa Friesian yo, olo bere la mayi wake lilendewere mpaka pansi. Bambo ali ndi miyezi ingati? Ndilembereni ku inbox tikambirane mtengo, koma katemera wa chigodola mubayitse onse awiri ndisanabwere kudzatenga.

Mwini funso: Ali ndi miyezi isanu, wasiya kale kuyamwa. Za katemera ndikafunsa kwa wapampando wa gulu lathu Loweruka tikamakapereka mkaka, ndione ngati tingakwane anthu okwanira kuitanitsa a vetenale. A mlangizi, wa miyezi isanu sanachedwe kubaya?

Mlangizi wopuma: Sanachedwe, amabaya kuyambira mwezi umodzi kupita mtsogolo. Chachikulu akhale wosadwala tsiku lobayalo, ndipo a vetenale amuyeze kulemera kaye chifukwa oxytetracycline amapereka molingana ndi thupi. Yesetsani zitheke mvula isanagwe.