Famiclone ya m'manja ikuzima yokha, skirini yadzaza mizere

Tembo: Akuluakulu, thandizeni nzeru. Pabenchi pali famiclone (makina a gemu otengera Famicom ya Nintendo) ya katiriji ya mapini 60, ija ya chipi yokutidwa ndi phula lakuda. Kasitomala akufuna ikhale ya m'manja kuti ana azisewera malaiti akapita. Zomwe zilimo: selo imodzi ya batire ya lithium ya 18650, TP4056 yochajira seloyo, MT3608 (boost yokweza voteji) yoikidwa pa 5V, skirini ya galimoto ya 4.3 inchi ndi PAM8403 (ampu ya sipika). Mizere ikuyenda pachithunzi, ndipo ndikakweza voliyumu gemu ikuyambiranso.

Phiri: Ba Tembo, 5V yanuyo mwailowetsa pati? Ngati ndi pa jeki yakale ya adaputa, ikudutsa mu 7805. Regulator imeneyo imafuna pafupifupi 7V kuti itulutse 5V, ndiye kuipatsa 5V chipi ikulandira mwina 3.5V basi. Ichotseni, waya wa MT3608 upite pabowo la mwendo wachitatu, pomwe panali output. RF modulator (yotumiza chithunzi ku TV kudzera pa eriyo) nayo ichoke, ikungodya batire.

Tembo: Inalidi pa jeki. Ndaichotsa, pa chipi pali 5.0V. Kuzima kwachepa koma sikunathe, mizere ikadalipo.

Mai Zulu: Pimani current yonse kaye. Ikani mita pa 10A pakati pa MT3608 ndi katundu, voliyumu ili pamwamba.

Tembo: Ikusewera pa 600mA, nyimbo ikalira kwambiri imadumpha kupitirira apo.

Mai Zulu: Ndiye ndi 3W. Kumbali ya batire, pa 3.6V ndi kutayako kwa boost, mukukoka pafupifupi 1A. Selo yochotsedwa mu batire ya laputopu yakale, ngati zambiri zomwe timagula mtauni muno, imaonetsa 4.1V ili chete, koma kuikoka 1A imagwa msanga. Ipimeni gemu ikuyenda. Ikatsika ndi theka la volt kapena kuposa, musalimbane nayo. Ikani ziwiri zofanana mu parallel, koma muyambe mwazichajira mpaka zifanane voteji musanazilumikize. Mawaya a batire akhale okhuthala ndi aafupi, osati tija ta m'chingwe cha mahedifoni.

Banda: Ine ndikanaika ziwiri mu series, 7.4V, n'kusiya 7805 pamalo pake. Mizere ya boost siingakhalepo.

Phiri: Zimatheka a Banda, koma TP4056 ndi ya selo imodzi, 4.2V. Mungafunike chaja ya 8.4V ndi BMS ya 2S, bodi yoteteza maselo awiri a mu series. Komanso mabatire akatsika pansi pa 7V, 7805 imayamba kufooka mphamvu ikadalimo, ndipo voteji yopitirira 5V imathera kutentha m'kabokosi kopanda mpweya. Pachinthu chogwira mwana m'manja sindingavomere.

Za mizere, Ba Tembo, gwero lake ndi MT3608, imagwira pa 1.2MHz ndipo phokosolo limalowa mu video. Pa output ikani 470µF ndi 100nF ya ceramic, miyendo yaifupi kwenikweni. Kenako koyilo ya 10µH mu series kupita ku bodi ya gemu, ndi 100µF ina kuseri kwake. PAM8403 ipatseni 1000µF yakeyake pafupi ndi mapini a mphamvu, ndiyo imakoka mwadzidzidzi. Chachikulu ndi ground. Musalumikize mondondozana, skirini kupita ku ampu, ampu kupita ku bodi. Chilichonse chikhale ndi waya wake wobwerera pa OUT- ya boost. Waya wa video ukhale wa shield, dulani chingwe cha RCA chachikasu, ndipo usadutse pamwamba pa koyilo ya MT3608.

Mai Zulu: Onjezani ichi: waya wa negative wa sipika usakhudze ground. PAM8403 imayendetsa mbali zonse ziwiri za sipika, mukaugunditsa ku ground ndi shoti, ndipo nayonso imagwetsa 5V.

Tembo: Amayi mwalasa. Sipika ndinaibweza pa ground ya jeki ya mahedifoni. Ndaupatula waya, ndaika makapasita, ground ndakonzanso. Mizere yatha, gemu sikuzimanso. Selo inali kugwa kufika 3.3V kuchoka pa 4.0V, ndasintha. Latsala vuto la mabatani.

Banda: Musavutike kupanga zatsopano. Ngati padi yosewerera ili ndi kaphula kake, dulani bodi yake mosamala mozungulira, mutenge mawaya asanu: 5V, ground, clock, latch ndi data. Ikawonongeka, chipi ya CD4021 imalowa m'malo, batani lililonse ndi resistor ya 10k yokokera ku 5V. Hot air (chida chouzira mpweya wotentha) isayandikire phula lakuda, timawaya ta m'katimo tikaduka palibe chokonza.

Phiri: Swichi ikhale pakati pa OUT+ ya TP4056 ndi boost. Muwauze eni ake azizimitsa pochaja. TP4056 imasiya kuchaja current ikatsika kufika gawo limodzi mwa magawo 10 a 1A, ndiye gemu ikamayaka siifika pamenepo, selo imangokhala pa 4.2V.

Tembo: Ndamva. Slot ya katiriji ndiimangira ndi mabawuti awiri pa chikwama, guluu yekha sangapirire kuzulazula kwa ana.