Kodi ophunzira zaumoyo aziphunzitsidwanso kukankha kuti malamulo asinthe?

Wophunzira, Chinamwali:
Akuluakulu, ndili m'chaka chachitatu cha maphunziro a zaumoyo wa anthu. Timaphunzira kuwerengera odwala ndi kulemba malipoti, koma palibe phunziro lotisonyeza njira imene lipoti limadutsa kuti likafike kwa opanga malamulo. Lamulo la zaumoyo wa anthu linakhazikitsidwa mu 1948, Zomba ikadali likulu la atsamunda, ndipo lagwira ntchito zaka zoposa 70. Kodi kukankha kuti malamulo otere asinthe ndi udindo wathu, kapena tiwasiyire andale?

Mphunzitsi wopuma, Matawale:
Mwana wanga, udindowo ndi wanu, ndipo umaphunzirika. Bilu ya HIV ndi Edzi itapita ku Nyumba ya Malamulo mu 2017 inali ndi ndime zokakamiza anthu ena kuyezetsa magazi komanso zolanga wopatsira mnzake kachilombo. Amayi omwe ali ndi kachilomboka, pamodzi ndi mabungwe, anafotokozera aphungu kuti ndime zoterozo zichititsa anthu kuthawa chipatala, ndipo zinachotsedwa biluyo isanavomerezedwe. Wophunzira ayenera kudziwa mmene komiti ya zaumoyo ya aphungu imagwirira ntchito, nthawi imene bajeti imakambidwa, ndiponso kufupikitsa kafukufuku wake kuti akwane masamba awiri, pakuti phungu sawerenga buku lonse. Ine ndikanakonda kuti zimenezi zizikhala pa mayeso.

Mlangizi wa zaumoyo, Kachulu:
Bambo, zimene mwanenazi n'zoona, koma Lilongwe ili kutali. Ophunzira ayambe abwera kuno kunyanja ya Chilwa, kumene asodzi amakhala masabata ambiri pa zimbowera (timisasa toyandama pamadzi), akumwa madzi omwewo amene amadzithandiziramo, ndipo kolera sachedwa kubuka. Pa katemera wa kolera wa mu 2016, asodzi ena anapatsidwa mlingo wachiwiri kuti akamwe okha. Nkhani zotere zimayambira ku VDC (komiti ya chitukuko ya m'mudzi), zimapita ku ADC (komiti ya chitukuko ya dera la mfumu yaikulu), kenako ku khonsolo, ndipo wophunzira amene sanakhalepo pamsonkhano wa mafumu sangadziwe kuti mawu amayalidwa bwanji pamaso pa gogo chalo.

Namwino, Domasi:
Muwauzenso kuti ambiri mwa iwo adzalembedwa ntchito ndi boma, ndipo wogwira ntchito m'boma sangodzuka n'kukadzudzula unduna wake pa wailesi. Aphunzire kudzera kwa akuluakulu a zaumoyo a pa boma ndi m'mabungwe a ogwira ntchito zachipatala.

Wophunzira, Chinamwali:
Zikomo nonse. Bambo a ku Kachulu, kodi ophunzira amaloledwa kukhala nawo pamsonkhano wa ADC, kapena tiyambe tapempha kwa mfumu yaikulu?