Galimoto yomanga ndekha yatha, koma sinapimidwe: ndichite chiyani podikira?

Wa ku Chelstone:

Akuluakulu nonse, ndikupempha nzeru kwa amene anadutsapo njira imeneyi. Ndamanga galimoto yaing'ono ya mipando iwiri, yopanda denga, ya mtundu wa Lotus Seven umene Colin Chapman anayambitsa mu 1957. Chasisi ndi thupi lake ndi za kampani ya Birkin, zimene ndinagula ku South Africa ndipo zinalowa pa malire a Chirundu ngati zipangizo, osati ngati galimoto yathunthu. Injini ndi Toyota 4A-GE ya 1600, imene ndinachotsa mu Corolla yochita ngozi kuno ku Lusaka. Tsopano zonse zalumikizidwa, injini ikulira bwino, ndipo ndikudikira kuti ipimidwe ndi kulembetsedwa kuti ndilandire white book, chikalata cha umwini wa galimoto, ndi nambala. Mafunso anga ndi awiri. Kodi opima amayang'ana chiyani kwenikweni pa galimoto imene sinachoke m'fakitale? Nanga n'kololeka kuiyendetsa pang'ono m'misewu ya m'komboni kuti ndiyese mabuleki, popeza bwalo la panyumba ndi laling'ono?

Makaniko wa ku Chawama:

Achimwene, choyamba ndikuyamikeni, chifukwa ntchito imeneyi ambiri amaisiyira panjira. Koma pa funso lanu lachiwiri ndikukanizani ndithu. Galimoto yopanda nambala, yopanda msonkho wa pamsewu ndiponso yopanda inshuwalansi siyenera kuponda msewu wa boma, ngakhale wafumbi wa kuseri kwa nyumba, ndipo mukagunda mwana wa mnansi palibe kampani imene ingakulipirireni kalikonse. Pemphani malo pa famu ya munthu cha ku Chongwe, muinyamule pa lole, muyesere kumeneko. Tsiku lopimitsa muinyamulenso chimodzimodzi.

Zoyang'ana ndi zimene mukuzidziwa kale: mabuleki onse pamodzi ndi handibuleki, chiwongolero chisakhale ndi mpata, magetsi ndi ma indiketa, hutala, malamba a pamipando, magalasi oonera m'mbuyo, matayala, ndi zonyezimira zoyera kutsogolo, zofiira kumbuyo. Ma thirayango awiri musaiwale.

Mayi wa ma clearing:

Bambo wa ku Chelstone, zimene anena a makaniko n'zoona, koma ine ndikuona kuti vuto lanu lalikulu silili pa mabuleki ayi, lili pa mapepala. Galimoto iliyonse imalembetsedwa ku RTSA, bungwe loona za magalimoto ndi chitetezo cha pamsewu limene linakhazikitsidwa ndi lamulo la pamsewu la 2002, ndipo asanakupatseni white book amafuna kudziwa kuti galimotoyo ndi iti, inachokera kuti, ndiponso kuti si yakuba. Kwa galimoto yochokera ku Japan nkhaniyi ndi yapafupi, pakuti nambala ya chasisi ndi ya injini zimabwera pa pepala limodzi la bungwe la misonkho la ZRA, apolisi a Interpol amatsimikizira, kenaka wopima amayerekeza zimene zili pa chitsulo ndi zimene zalembedwa. Yanu ili ndi makolo awiri, chasisi ndi injini, ndipo aliyense ayenera kukhala ndi umboni wake.

Ku mbali ya chasisi, sungani pamodzi lisiti la amene anakugulitsani ndi mapepala a kasitomu a pa Chirundu, ndipo muonetsetse kuti nambala imene inadindidwa pa chitsulo ikufanana chilembo ndi chilembo ndi imene ili pa mapepalawo, chifukwa 0 wolembedwa ngati O ndi wokwanira kukubwezani. Ngati munapaka penti yochindikala pamalo pa nambala, ichotseni mosamala kuti iwerengeke, koma musayese kudindanso kapena kukonza chilembo nokha, pakuti nambala yooneka kuti yagwiridwagwiridwa ndi imene apolisi amaikayikira koposa.

Injini ndi imene ikundidetsa nkhawa. Nambala yake inalembedwa kale m'dzina la mwini Corolla uja, choncho mufunika kalata yogulitsirana yosainidwa ndi iyeyo, yotchula nambala ya injini, pamodzi ndi kope la white book yake ndi la NRC yake. Ngati simunatenge zimenezi, mufunefuneni lero, asanasamuke kapena kusintha foni. Nthawi yodikirayi ndi ya ntchito imeneyo.

Wa ku Chelstone:

Zikomo kwambiri Mayi. Kalata yogulitsirana ndili nayo ndipo nambala ya injini inalembedwapo, koma kope la white book ya Corolla ndilibe. Mwini wake amakhala ku Matero ndipo timaonana, motero ndipita kukamupempha. Kodi zithunzi zimene ndinkajambula pomanga zili ndi ntchito?

Mdala wa ma Beetle:

Zili nayo ntchito yaikulu, mwana wanga. Zisindikizeni, muziike m'faelo motsatana kuyambira chasisi ili yokha mpaka lero, makamaka zoonetsa pamene munamangirira malamba, thanki ya mafuta ndi mapaipi a mabuleki, chifukwa malo amenewo sakuonekanso thupi litavala, ndipo wopima amene sanaonepo Seven adzakhala ndi mafunso ambiri. Ine ndingawonjezere lipoti la injiniya wolembetsedwa ku bungwe la mainjiniya la EIZ wotsimikizira kuti zowotcherera zake n'zolimba. Pitaninso nokha ku ofesi ya opima ndi faeloyo galimoto isanapite, muwafunse kuti aiika m'gulu liti, osatumiza anyamata oima pageti olonjeza kufulumizitsa zinthu.

Pomwe ikudikira musaisiye duu. Lizani injini mpaka itenthe, muikankhe pang'ono kuti matayala asaphwatalale mbali imodzi, ndipo batire muzilichotsa. Popeza ilibe denga ndipo mvula imayamba mu Novembala, ifunditseni tenti yosalowa madzi, koma musiye mpata pansi kuti mphepo izidutsa, apo ayi mawaya a pa dashibodi achita dzimbiri tsiku lopima lisanafike.