Kodi msana umadziwa kuyenda pawokha popanda ubongo?

Tiyamike:
Akuluakulu, ndithandizeni apa. Mabuku amati kayendedwe ka miyendo kamakonzedwa mumtsempha wa msana, osati mu ubongo. Ngati zili choncho, n'chifukwa chiyani munthu amene mtsempha wake wadukira pachifuwa sayendanso, chikhalirecho mbali yolamulira miyendo ili m'munsi ndipo sinavulale? Nanga maselo amenewa amadziwa bwanji kuti mwendo uno unyamuke pamene unzake uli pansi?

Kondwani:
A Tiyamike, mabukuwo sakunama. Mu 1911 Thomas Graham Brown anadula mtsempha wa msana wa mphaka, n'kudulanso mitsempha yobweretsa uthenga kuchokera kumiyendo yakumbuyo. Ngakhale zinali choncho, minofu yopinda ndi yowongola mwendo inagwirabe ntchito molandirana. Ndiye kuti kulandiranako kumabadwira mumsana momwemo. Gulu la maselo ochita zimenezi limatchedwa central pattern generator, mwachidule CPG, ndipo la miyendo limakhala m'chigawo cha m'munsi cha mtsempha wa msana chotchedwa lumbar.

Kagwiridwe kake ndi aka. Mwendo uliwonse uli ndi magulu awiri: lina la minofu yopinda, lina la yowongola. Gulu likayaka limatumiza mankhwala a m'thupi oyatsa, otchedwa glutamate, kumaselo oyendetsa minofu yake, nthawi yomweyo n'kutseka pakamwa gulu linalo ndi mankhwala a m'thupi ozimitsa, glycine komanso GABA. Pakapita kanthawi mphamvu yake imatsika, lotsekedwa lija n'kumasuka, nalonso n'kutseka linzake.

Za mwendo wamanja ndi wamanzere, pali maselo amene ulusi wawo umawoloka pakati pa mtsempha kupita mbali inayo. Mu mbewa amatchedwa V0. Gulu la Ole Kiehn linasonyeza mu 2013 kuti mbewa yopanda maselo amenewa imalumpha ndi miyendo iwiri pamodzi ngati kalulu. Pomwe maselo ena otchedwa V1 ndi V2b akachotsedwa limodzi, minofu yopinda ndi yowongola ya mwendo umodzi imayakira pamodzi.

Ntchito ya ubongo ndi kuyatsa ndi kuwonjezera liwiro. Mu 1966 ku Moscow, Shik, Severin ndi Orlovsky anagwedeza ndi magetsi kamalo kena m'tsinde la ubongo wa mphaka. Magetsi ochepa, mphaka ankayenda, akawonjezera, ankathamanga. Uthenga wochokera kumwamba unali woti "pita" basi, koma kuponya miyendo kunali kwa msana.

Nambewe:
Zonse mwanenazo n'zoona achimwene, koma tisasiye uthenga wochokera kumiyendo, chifukwa kwa wodwala nkhani yagona pamenepo. Tikawerenga kuchokera pamene chidendene chagunda pansi mpaka chidzagundenso, pafupifupi magawo 60 pa 100 a nthawiyo phazi limakhala pansi, 40 lili m'mwamba. Msana sungonyamula phazi chifukwa nthawi yakwana. Umadikira zizindikiro ziwiri. Choyamba, ntchafu ikatsalira kumbuyo, minofu ya kutsogolo kwa chiuno imakokeka, ndipo timasensa ta mkati mwake, ma muscle spindle, timanena kuti mwendo wafika pothera. Chachiwiri, thupi likasamukira ku mwendo winawo, timasensa tina ta m'minofu ya katumba, ma Golgi tendon organ, timamva kuti katundu wachepa. Katundu akadalipo, msana umakana kunyamula phazilo, ndipo umachita bwino, apo ayi munthu angagwe.

N'chifukwa chake pophunzitsa wodwala pa makina a lamba woyenda, atamumangirira zingwe zopepuza thupi, othandiza amasamala zinthu zitatu: ntchafu ifike kumbuyo ndithu, chidendene chiyambe kugunda pansi, ndipo thupi lisamukire mbali inayo mwendo usananyamuke. Mukamupepuza kwambiri, miyendo simva kulemera, minofu yowongola siyaka mokwanira. Mukamusiya atsamire manja pazitsulo, chimodzimodzi. Barbeau ndi Rossignol ku Montreal anasonyeza mu 1987 kuti mphaka wamkulu wodulidwa mtsempha amatha kuyendanso ndi miyendo yakumbuyo pa lamba wotere akaphunzitsidwa.

Tiyamike:
Zikomo mayi. Ndiye mphaka akutha, munthu akulepheranji?

Dalitso:
Apa m'pofunika kulankhula mosamala, chifukwa mabanja a odwala akamva za mphaka uja amayembekezera zambiri. Munthu ali nayo CPG. Khanda lobadwa kumene mukaligwira m'khwapa, mapazi n'kukhudza pansi, limaponya miyendo molandirana, ndipo zimenezi zimazimiririka pakatha miyezi iwiri kapena kuposerapo pang'ono. Mu 1998 Dimitrijevic ndi anzake anaika magetsi pamwamba pa mtsempha, pagawo la L2 la m'chigawo cha lumbar chija, mwa anthu oduka mtsempha kotheratu ali chogona. Magetsiwo akamagunda maulendo 25 mpaka 60 pa sekondi, miyendo inkapinda ndi kuwongoka ngati akuyenda.

Koma kuponya miyendo uli gone si kuyenda. Mtsempha ukaduka, maselo a m'munsi amataya chowadzutsa chochokera ku ubongo, kuphatikizapo serotonin ndi noradrenaline zochokera m'tsinde la ubongo, ndiye amakhala alipo koma ali ziii. Komanso munthu amayenda ndi miyendo iwiri yokha, nthawi yambiri ataima pa umodzi. Kuti asagwe pamafunika cerebellum (gawo la ubongo la kunkhongo), maso ndi ziwalo za mkati mwa khutu, ndipo zonsezi zili kumtunda kwa bala. Kukweza zala kuti phazi lisakhule pansi kumadaliranso kwambiri uthenga wochokera pamwamba pa ubongo, n'chifukwa chake odwala sitiroko ambiri amakoka phazi.

Pakapita milungu kapena miyezi pamabwera vuto lina. Maselo osowa wowaletsa aja amayamba kuyaka mopyola, minofu n'kulimba gwa, phazi n'kumanjenjemera lokha mukalikankhira m'mwamba mwadzidzidzi. Mankhwala ngati baclofen amafewetsa, koma akachuluka amafooketsanso mwendo umene wodwala amaimira.

Mu 2018 magulu a ku Louisville, ku Mayo Clinic ndi ku Lausanne anasonyeza odwala angapo akuponya mapazi n'kuyenda mothandizidwa ndi magetsi oikidwa pamsana, ataphunzitsidwa kwa miyezi yambiri. Ankayenda ndi chogwirira kapena wowathandiza. Amene mtsempha wawo sunaduke wonse ndi amene amapindula kwambiri ndi maphunziro a kuyenda, chifukwa ngakhale ulusi wochepa wotsala umatha kufikitsa uthenga uja woti "pita".